Kompyuta Siinafe, Yangozima Moto

 Lero ndikufuna tikambirane za kanthu kakang'ono ngati usipa, koma kamene ndikuona kuti sukulu iliyonse yokhala ndi makompyuta iyenera kukhala nako: fulashi yodzutsira kompyuta, imene azungu amati bootable USB. Ganizo langa ndilinenerenu poyamba pomwe kuti ofuna kutsutsa akonzekeretu. Luso lopanga fulashi yotereyi, pogwiritsa ntchito kompyuta iliyonse imene ikadali ndi moyo, liyenera kukhala m'manja mwa aphunzitsi ndi ana asukulu. Kulisiyira amisiri a kutauni okha ndiko kukuchititsa kuti malabu athu asanduke manda a makompyuta.

Ndayenda m'sukulu zingapo za m'mbali mwa nyanja muno, ndipo nkhani imakhala yofanana. Sukulu idalandira makompyuta kuchokera kwa akufuna kwabwino, kudali kuvina ndi malankhulidwe, koma patatha zaka ziwiri kapena zitatu oyaka amatsala ochepa. Enawo ali musitolo, afundidwa nsalu, mavu akumangamo zisa. Mukafunsa chavuta n'chiyani, yankho limakhala lakuti "Windows inafa, tikudikira munthu wa ku Lilongwe." Kuchoka pa boma la Nkhotakota kudzera ku Salima kukafika ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Munthuyo kuti abwere pafunika thiransipoti, chakudya ndi malipiro ake, ndipo komiti ya sukulu imakhala ndi zina zofunika msanga monga choko ndi malata. Choncho teremu imatha, chaka chimatha, ana khumi akupanikizana pa kompyuta imodzi, wina akugwira mbewa, anzake akungoonerera. Ameneyo ndiye mwana amene tikufuna akalembe Computer Studies pa MSCE.

Tiyeni timvetsetse kaye chimene chimafa. Kompyuta ili ndi mbali ziwiri. Pali zitsulo zimene timaziona ndi kuzigwira, ndiye pali pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse, operating system, kapena tingoti sisitimu. Windows ndi sisitimu, Linux ndi sisitimu, macOS ndi sisitimu. Sisitimuyi imakhala pa hard disk, ndipo imaonongeka mosavuta: magetsi akazima ili mkati molemba kanthu, vairasi ikalowa kudzera m'mafulashi a nyimbo, kapena wina akafufuta fayilo imene sakuidziwa. Zikatero kompyuta imayaka ndithu, fani imazungulira, koma pa sikirini pamangobwera uthenga wachingerezi kapena mdima. Zitsulo zonse zili bwinobwino. Changosowa ndi choyambitsira.

Kwathu moto ukazima pakhomo sitigwetsa mafuwa n'kukagula ena. Timatenga phale, kupita kwa aneba kukapala moto, kubwera nawo n'kusonkha. Ndipo sitifunsa kuti anebawo akusonkhera nkhuni za mtengo wanji. Fulashi yodzutsira kompyuta ndi phale limenelo. Umapita pa kompyuta imene ikuyaka, n'kuikamo sisitimu yatsopano mwa njira yoti fulashiyo izitha kudziyambitsa yokha, kenako n'kukailowetsa m'kompyuta yozima ija. Chokoma chake n'chakuti kompyuta ya Windows imatha kupanga fulashi ya Linux, ya Linux nayo imatha kupanga fulashi ya Windows. Bola pasukulupo, kapena pasukulu yoyandikana nayo, pakhale kompyuta imodzi yamoyo.

N'chifukwa chiyani ndikunena zimenezi panopa? Chifukwa makompyuta ambiri amene ali m'sukulu zathu eni ake a Windows adawatembenukira kale msana. Microsoft idasiya kusamalira Windows XP pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Pali njira yowonjezerako kanthawi kwa amene adalembetsa, koma kumeneko n'kungokankhira tsiku kutsogolo. Windows 11, imene idatuluka mu 2021, imafuna kompyuta yokhala ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4GB, malo osachepera 64GB, ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel makamaka kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu. Makompyuta a kaunjika amene timalandira, ambiri amagwa pa mayeso amenewa. Ndiye tiwataye m'nyanja? Ayi. Pali masisitimu ena amene amawalandira ndi manja awiri.

Linux adaiyambitsa mnyamata wa ku Finland, Linus Torvalds, mu 1991 ali pa yunivesite, ndipo lamulo lake limalola aliyense kuikopera, kuigawa ndi kuisintha popanda kulipira. Mitundu yake ndi yambiri. Wina wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene adauyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004. Dzinali musalione lachilendo, ndi lija ife timati umunthu. Akale ena mukukumbukira kuti Ubuntu ankatumiza ma CD aulere pa positi kwa aliyense wopempha, mpaka adasiya mu 2011. Lero makompyuta ambiri alibenso polowetsa CD, n'chifukwa chake fulashi idatenga malo. Kwa makompyuta athu otopawa ine ndimakonda Linux Mint ya Xfce, imene imayenda ndi RAM ya 2GB ngakhale kuti 4GB ndiye imakoma, ndipo maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi Windows imene ana adaizolowera. Mint 22 idzakhala ikusamalidwa mpaka 2029. Kwa agogo enieni a makompyuta, aja a 32-bit, Mint ndi Ubuntu za masiku ano sizingalowe, koma antiX imalowa.

Wina asaganize kuti izi ndi zoseweretsa za anthu osowa chochita. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanumo mtima wake ndi Linux. Kuno kwathu bungwe la Baobab Health, limene lidayamba ntchito pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, lidamanga makina olembera odwala pa mapulogalamu aulere a mtundu womwewu, ndipo amene ankawalemba ndi kuwasamalira ambiri adali Amalawi anzathu. Mwana amene wagwirapo Linux ali ku sekondale sakutaya nthawi.

Tsono kapangidwe kake ndi kotani? Pamafunika zinthu zitatu. Choyamba ndi fayilo ya sisitimu imene ukufuna, imene dzina lake limathera ndi .iso. Fayilo imeneyi itengeni kwa eni ake enieni pa intaneti, osati kwa mnyamata wobena nyimbo pamsika. Ya Linux Mint ndi pafupifupi 3GB, ya Windows imapitirira 5GB. Chachiwiri ndi fulashi yosachepera 8GB, koma 16GB kapena 32GB ndiye yabwino. Apa chenjerani, pali mafulashi achinyengo amene pachikuto alembapo 64GB pomwe mkati muli malo ochepa kwambiri. Amalandira mafayilo mwakachetechete koma akakubwezerani amakhala ataonongeka. Kapulogalamu ka H2testw pa Windows, kapena f3 pa Linux, kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso, ndipo yabodza imagwidwa pomwepo. Chachitatu ndi pulogalamu yolembera, chifukwa kungokopera fayilo ya ISO pa fulashi wamba ngati mmene timakoperera nyimbo sikuthandiza. Kompyuta yozima siingaione.

Musanalembe, pali kantchito kamodzi kamene anthu ambiri amakadumpha. Netiweki yathu kunyanja kuno imabwera ndi kupita ngati mwera, ndipo fayilo yaikulu imatha kufika itaduka pena pake inu osadziwa. Eni a sisitimu amalemba pambali pa fayilo mndandanda wautali wa manambala ndi zilembo wotchedwa SHA256, umene uli ngati chidindo cha chala cha fayiloyo. Pa Linux mumalemba sha256sum ndi dzina la fayilo. Pa Windows mumalemba certutil -hashfile, dzina la fayilo, kenako SHA256. Zimene zatulukazo muzifananize ndi za eni ake. Zikasiyana ngakhale chilembo chimodzi, fayiloyo ndi yopunduka, musavutike nayo. Mphindi zochepa zimenezi zimapulumutsa tsiku lonse.

Njira yosavuta kwambiri ndi yochokera ku Windows kupita ku Linux. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa Rufus, kamene adalemba Pete Batard ndipo kadatuluka koyamba mu 2011. Ndi kakang'ono zedi, ndipo kamayenda pa Windows pokha. Ngati kompyuta yanu yamoyo ili ndi Windows 7, funani Rufus 3.22, chifukwa atsopano amafuna Windows 8 kupita m'tsogolo. Mukalowetsa fulashi n'kutsegula Rufus, pamwamba pamaoneka dzina la fulashiyo. Mumasankha fayilo ya ISO, kenako pamabwera funso limene limasokoneza ambiri: MBR kapena GPT? Yankho lake likudalira kompyuta imene mukukaidzutsa, osati imene mukulemberapo. Makompyuta akale amayamba ndi kapulogalamu kotchedwa BIOS ndipo amafuna MBR. Atsopanoko, makamaka amene adabwera ndi Windows 8 kupita m'tsogolo, amayamba ndi UEFI ndipo GPT imawayenera. Mukadina Start, dikirani mpaka itanena kuti yatha. Ngati pali laputopu yokhala ndi batire yodzaza, lemberani pamenepo, poti magetsi athu mukuwadziwa.

Apa ndikweze mawu pang'ono. Rufus ndi anzake onse amafufuta chilichonse chimene chili pa fulashi imene mwasankha. Ngati pali masikimu, mayeso a teremu kapena zithunzi za ukwati, zichotseni kaye. Zulaninso mafulashi ena onse ndi ma hard disk akunja musanayambe, patsale imodzi yokha imene mukufuna kulemba. Pa Linux pali lamulo lamphamvu lotchedwa dd limene limalemba pomwe mwaliuza popanda kufunsa kawiri, ndipo kuphonya chilembo chimodzi kumatha kufafaniza hard disk yonse ya kompyuta yamoyo ija. Oyamba kumene alisiye kaye, agwiritse ntchito USB Image Writer ya mu Mint kapena balenaEtcher. Madzi akatayika saoleka.

Njira yobwerera, yochokera ku Linux kupanga fulashi ya Windows, ndiye ili ndi minga, ndipo ndi bwino kudziwa chifukwa chake. Mafayilo a ISO a Linux ambiri adapangidwa moti ukangowathira pa fulashi momwe alili amadzuka. Ya Windows siidapangidwe choncho, ndiye dd ndi mapulogalamu ofanana nayo amatulutsa fulashi yosayamba bwino. Pulogalamu ya Microsoft yopangira fulashi, Media Creation Tool, imayenda pa Windows pokha, ndipo imeneyo ndiyo mulibe. Wina anganene kuti ndingofomata fulashi n'kukoperamo mafayilo a mkati mwa ISO pamanja. Apa pali msampha. Makompyuta ambiri a UEFI amayamba ndi fulashi yofomatidwa mwa FAT32, koma FAT32 siilandira fayilo imodzi yopitirira 4GB, pomwe mkati mwa Windows ya masiku ano muli fayilo yotchedwa install.wim imene kawirikawiri imapitirira pamenepo. Zili ngati kufuna kulowetsa bwato pakhomo la khitchini. Akatswiri amaidula fayiloyo pawiri ndi pulogalamu ya wimlib, ena amagwiritsa ntchito WoeUSB, koma pali njira ina yofewa kuposa zonsezi.

Njirayo ndi Ventoy, imene idatuluka mu 2020, ndipo imayenda pa Windows ndi pa Linux pomwe. Ventoy mumaiika pa fulashi kamodzi kokha. Kuchokera pamenepo mafayilo a ISO mumangowakopera ngati nyimbo, angati amene angakwane, ndipo malire a 4GB aja kulibe chifukwa imafomata mwa exFAT. Kompyuta ikayamba ndi fulashi imeneyi pamabwera mndandanda, inu n'kusankha: Windows, Mint, antiX, iliyonse imene mwaikamo. Ikatuluka sisitimu yatsopano mumangofufuta fayilo yakale n'kuikamo ina. Kwa sukulu ngati zathu, zimene zili ndi makompyuta a mitundu yosiyanasiyana ngati nsomba za m'khoka, fulashi imodzi ya 32GB yokhala ndi Ventoy ndi bokosi lonse la zida. Ikakana pa kompyuta ina, nthawi zambiri chimakhala chitetezo chotchedwa Secure Boot, chimene mungachizimitse kaye m'makonzedwe a UEFI.

Nanga ngati pasukulu palibiretu kompyuta yoyaka? Foni ya Android imatha kuthandiza. Ndi kachingwe ka OTG kolumikizira fulashi ku foni, ndi pulogalamu yaulere ya EtchDroid, mutha kulemba ISO ya Linux pa fulashi kuchokera pa foni. Ya Windows siitheka mwa njira imeneyi, koma zilibe kanthu. Mudzutse kaye kompyuta imodzi ndi Linux, ndiye imeneyo ipange fulashi ya Ventoy yodzutsira zinazo. Moto umayamba ndi khala limodzi.

Fulashi ikapsa, chatsala n'kuuza kompyuta yozima kuti iyambire pa fulashi m'malo mwa hard disk. Ilowetseni kompyuta ili chizimire, yatsani, ndipo nthawi yomweyo muzidina batani lotsegulira mndandanda woyambira. Pa Dell ndi Lenovo ambiri ndi F12, pa HP ndi F9 kapena Esc. Mukachedwa pang'ono yakudutsani, zimitsani muyambirenso, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaona kompyuta imene nthawi zonse ikayaka imadandaula za tsiku ndi nthawi, n'kumaonetsa chaka chakalekale, imeneyo vuto lake ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo kamene kali mkati, CR2032, kofanana ndi ka m'masikelo ena ndi m'marimoti a galimoto. Kusintha kwake n'kwa mphindi zochepa, koma ndaonapo makompyuta ataikidwa musitolo chifukwa cha kameneka.

Pali phindu lina limene ine ndimaliona lalikulu kuposa onse. Fulashi ya Linux imatha kuyendetsa kompyuta popanda kukhudza hard disk. Imayaka kuchokera pa fulashi pomwepo, n'kukupatsani mpata wotsegula hard disk ija n'kuona mafayilo anu. Pasukulu ina, imene sinditchula dzina, kompyuta ya muofesi idakana kuyaka sabata yolemba malipoti, malikisi a ana onse ali momwemo. Panali kale maganizo oti aphunzitsi ayambirenso kuwerengetsera kuchokera m'mapepala. Tidailowetsa fulashi ya Mint, kukopera mafayilo onse pa fulashi ina, ndipo malipoti adatuluka pa nthawi yake. Lamulo likhale limeneli: musanaike sisitimu yatsopano pa kompyuta iliyonse, yambani mwapulumutsa mafayilo. Pokhapokha ngati hard disk idatsekedwa ndi BitLocker, pamenepo pamafunika kiyi wake, ndipo kiyi ameneyo ahedi azimusunga polembedwa.

Tsono ndibwere kwa otsutsa, poti ndawamva mu sitafu rumu ndipo mfundo zawo sizopanda nzeru.

Oyamba amati ana akadziwa zimenezi ationongera makompyuta. Mantha amenewa ndikuwamvetsa, chifukwa kanthu kakaonongeka amene amafunsidwa ndi ahedi ndi mphunzitsi wa labu. Koma taonani zimene mantha atibweretsera. Tasunga makompyuta mosamala kwambiri mpaka afera m'manja mwathu osagwiritsidwa ntchito. Pitani kudooko m'mawa mukaone. Mwana wa msodzi amaphunzira kusoka ukonde asanayambe n'komwe kupalasa bwato payekha, ndipo palibe mwini chilimira amene amatumiza ukonde ku Lilongwe ukang'ambika. Amene ali ndi injini amayenda ndi pulagi yapadera ndi sipanala. Ifeyo ndi amene timaphunzitsa mwana kulemba kalata pa kompyuta koma osamuuza chochita ikakana kuyaka. Ndiponso yambani ndi aja ali musitolo. Kompyuta imene mudaiwerengera kale kuti ndi yakufa, mwana angaionongenso bwanji?

Achiwiri amati silabasi ndi mabuku athu zidatsamira pa Word, Excel ndi Access, ndiye Linux isokoneza ana pa mayeso. Mfundo iyi ndi yolemera ndipo sindikufuna kuipeputsa. Linux Mint imabwera ndi LibreOffice, mmene muli Writer ndi Calc zimene zimagwira ntchito ya Word ndi Excel, ndipo zimatsegula mafayilo ake. Mwana amene wamvetsa kuphatikiza manambala mu Calc sangasochere mu Excel. Koma pa Access pali kusiyana kwenikweni, poti Base ya LibreOffice imayenda mwa njira yake. N'chifukwa chake sindikunena kuti tichotse Windows paliponse. Makompyuta amene angathe kunyamula Windows yosamalidwa akhale nayo, ndipo a Fomu 4 azikonzekerera mayeso pamenepo. Otopa aja alandire Linux, a Fomu 1 ndi 2 aziphunzirapo kutaipa, kusunga mafayilo ndi kuwerenga. Kusankha kwenikweni kuli pakati pa kompyuta ya Linux yoyaka ndi kompyuta ya Windows yofundidwa nsalu. Pamenepo ine sindizengereza.

Achitatu amafunsa za chilolezo, ndipo funsoli ndi loyenera kwa ife amene timaphunzitsa ana kuti kuba n'koipa. Fayilo ya ISO ya Windows imapezeka mwaulere kwa Microsoft, koma kuigwiritsa ntchito kumafuna laisensi. Nkhani yabwino ndi yakuti makompyuta ambiri amene adagulitsidwa ndi Windows 8 kupita m'tsogolo ali ndi kiyi wa laisensi wosungidwa mkati mwa zitsulo zake, ndiye mukaikanso mtundu womwewo wa Windows imadzizindikira yokha. Amene alibe, tisawathamangire ndi timapulogalamu tothyolera loko, chifukwa ndi momwe mavairasi ambiri amalowera. Rufus alinso ndi njira yodumphira malamulo a Windows 11 kuti ilowe pa kompyuta yakale. Imagwira ndithu, koma Microsoft idanena poyera kuti siikulonjeza kusamalira makompyuta otero. Pa laputopu yanu yesani ngati mukufuna. Pa labu ya sukulu ine sindingalimbikitse.

Achinayi amati bandulo yokokera mafayilo aakulu chonchi ndi yodula. Zoona, makamaka ikachokera m'thumba la mphunzitsi. Koma fayilo imakokedwa kamodzi, ndipo ikafika imatha kudzutsa makompyuta osawerengeka popanda intaneti. Sukulu zathu za sekondale zili kale m'ma cluster, timakumana pokonza mayeso ndi pa masewera. Chingalephereke n'chiyani kuti sukulu imodzi ikoke, zinazo zidzakopere? Amene akupita ku Salima, ku Kasungu kapena ku Lilongwe kumene angapeze intaneti yabwino anyamule fulashi ya cluster. Mutu umodzi susenza denga. Yerekezani mtengo wa fulashi imodzi ndi bandulo imodzi ndi mtengo woitanitsa mmisiri ulendo umodzi, muone nokha.

Ndisakunamizeni kuti fulashi imachiza nthenda zonse. Kunyanja kuno kutentha, chinyezi cha nthawi ya dzinja ndi fumbi la chilimwe zimadya zitsulo. Hard disk ikayamba kulira ngati wotchi, kapena bokosi la magetsi la mkati likapsa ndi mphenzi, palibe sisitimu imene ingathandize. Komabe ngakhale pamenepo fulashi imakuuzani zoona. Kompyuta ikayenda bwino kuchokera pa fulashi koma n'kukana kulandira sisitimu, kawirikawiri wodwala amakhala hard disk, ndipo mutha kuzula ya m'kompyuta ina imene idapsa kwina. Pa makompyuta atatu akufa nthawi zina pamatuluka imodzi yamoyo. Mmisiri naye akabwera amapeza mwamusankhira kale ntchito yoyeneradi luso lake, ndipo ndalama ya sukulu imagwera pomwe ikufunika.

Kwa inu ana anga amene mudatsiriza sukulu, pali mawu anu apadera. Ena mwa inu muli m'makoleji, ena mukugwira ntchito za makompyuta ndipo zimene ndalembazi mukuzidziwa kuposa ine. Mukamabwera kumudzi pa Khirisimasi kapena pa Eid, m'chikwama muikemo fulashi yodzaza. Mukatha kudya kondowole ndi chambo, dutsani pasukulu yanu yakale, mupemphe ahedi akutsegulireni sitolo, ndipo muitane ana awiri kapena atatu aime pambali panu. Musagwire nokha, aloleni adine okha mabataniwo. Kwa inu amene mudakali pakhomo mukufunafuna chochita, dziwani kuti pa boma, pa Dwangwa ndi m'misika ina muli anthu a malaputopu amene amalipira kuti wina awaikire sisitimu. Ndi luso loti munthu n'kupezerapo ya sopo, bola kuligwira mokhulupirika, osasuzumira mafayilo a eni ake.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi laling'ono. Teremu ino sukulu iliyonse igule mafulashi awiri, imodzi izikhala kwa ahedi, ina kwa mphunzitsi wa labu, ndipo zisamagwiritsidwe ntchito ina iliyonse. Muzimangirire kachingwe ndi kapepala kolemba zimene zili mkati ndi tsiku limene mwaziika. Musankhe Loweruka limodzi, mutulutse makompyuta onse a musitolo, muwapukute fumbi, muwayese imodziimodzi ndi ana a kalabu ya makompyuta, atsikana ndi anyamata mofanana. Mulembe m'kope kuti iyi yadzuka, iyi ikufuna batire, iyi hard disk yatha. Pasukulu pakhale aphunzitsi osachepera awiri odziwa ntchitoyi, chifukwa ife timasamutsidwa, ndipo luso likakhala mwa munthu mmodzi limakwera naye minibasi. Ikangodzuka imodzi yokha, ndiye kuti ana angapo amene akadangoonerera apeza pokhala ndi pogwira.

 Amene muli pafupi ndipo mukufuna kukopera, fulashi yanga ili ndi Mint, antiX ndi Windows. Bwerani ndi yanu yopanda kanthu, tidzapalirane moto.